Seva ikulemera koma CPU yangokhala: mmene mungapezere chimene chikukweza load

Pali funso limene limabwerabwera pakati pa anthu osamalira maseva m'maofesi a pa Dedza boma ndi m'mphepete mwa msewu wa M1 mpaka ku Ntcheu, kaya ndi pasukulu, pa SACCO kapena pabungwe la alimi. Seva ya Linux yayamba kuchedwa, a pa kauntala akudandaula kuti risiti imodzi ikutenga nthawi yaitali kuti ituluke, nambala ya load yafika 14, koma ukayang'ana CPU ukupeza kuti ikungogwira ntchito pang'ono. Ena amaizimitsa n'kuiyatsanso. Imachira lero, mawa matenda abwereranso. Ena amakauza abwana kuti pakufunika seva yamphamvu, ndalama n'kutuluka, vuto osatha. Chisokonezochi chimayambira poti ambiri amawerenga load ngati muyeso wa kutanganidwa kwa CPU, pamene pa Linux nambalayi imanena zinanso.

Load average ndi chiyani kwenikweni

Mukalemba lamulo la `uptime`, kumapeto kwa mzere kumatuluka nambala 3, mwachitsanzo:

`load average: 14.20, 9.85, 4.10`

Yoyamba ikunena za mphindi imodzi yapitayi, yachiwiri mphindi 5, yachitatu mphindi 15. Nambala zomwezi zimaoneka pamwamba pa `top` komanso mu fayilo ya `/proc/loadavg`. Si maperesenti ayi. Ndi chiwerengero cha ma process, kutanthauza mapulogalamu amene akuyenda pa nthawiyo, omwe akufuna kutumikiridwa. Kernel, yomwe ndi gawo la Linux loyendetsa zida zonse ndi kugawa nthawi ya CPU, imawawerenga pafupifupi masekondi 5 alionse. Pulogalamu imodzi ikhoza kukhala ndi nthambi zambiri zotchedwa ma thread, ndipo nthambi iliyonse imawerengedwa payokha. N'chifukwa chake MySQL yokha, pulogalamu ya database, ikhoza kukweza load kufika pa 30.

Nambalazi zimatsalira m'mbuyo chifukwa kawerengedwe kake kamasakaniza zatsopano ndi zakale. Pa seva yongokhala, process imodzi ikayamba kugwira ntchito osapuma, pakatha mphindi imodzi nambala yoyamba ija imangofika pafupifupi 0.63, osati 1.00. Ntchito yake yeniyeni ndi kusonyeza kolowera. Mu chitsanzo chapamwambachi yoyamba ndi yaikulu kuposa yomaliza, ndiye kuti vuto likukula panopa. Zikanakhala 4, 9, 14, mukanadziwa kuti mwafika mochedwa, chovutacho chikutha.

Kuti mudziwe ngati 14 ndi yambiri, lembani `nproc` muone kuchuluka kwa ma core, omwe ndi magawo a CPU otha kugwira ntchito imodzi aliyense pa nthawi imodzi. Ganizirani chigayo cha pa Bembeke nthawi yokolola. Makina ogayira ndi 4. Anthu 4 akamagayitsa, palibe wodikira. Akakhala 14, ndiye kuti 10 ali pamzere. Tsopano tiyerekeze kuti mwini chigayo powerenga anthu amaphatikizanso aja akhala pakhonde kudikira ngolo yobweretsa matumba awo a chimanga. Ngoloyo ikaphulika tayala panjira, khonde lidzadzaza, nambala idzakwera, chonsecho makina onse 4 ali duu. Kugula makina achisanu sikungachotse munthu ndi mmodzi yemwe pakhondepo.

Linux imawerenga choncho. Process iliyonse imakhala ndi chilembo chosonyeza momwe ilili, chooneka pa `top` ndi `ps`. Load imaphatikiza ma process a chizindikiro cha R, omwe ali pa CPU kapena akudikira mpata wake, ndi a chizindikiro cha D, omwe agona tulo tosadzutsika kudikira disiki, fayilo ya pa makina ena, kapena loko ya mkati mwa kernel. Gulu lachiwirili linawonjezedwa mu 1993 ndi Matthias Urlichs, amene anaona kuti si bwino kuti load izioneka yotsika pamene makina akuchedwa chifukwa cha disiki yaulesi. Machitidwe ena a banja la Unix, monga Solaris, amawerenga zodikira CPU zokha, ndipo malangizo ambiri akale onena kuti load isapitirire chiwerengero cha ma core anachokera kumeneko. Ma process a chizindikiro cha Z, aja anafa koma dzina lawo likadali pamndandanda, anthu amawanamizira kwambiri. Salowa mu load.

Poyambira: mzerewo ndi wa chiyani

Funso loyamba ndi lakuti nambalayo yapangidwa ndi R kapena ndi D. Lamulo la `vmstat 1 10` limayankha zimenezi m'masekondi 10. Mzere woyamba muudumphe, chifukwa umasonyeza zonse kuyambira pamene seva inayatsidwa. Pa mizere yotsatirayo yang'anani danga la `r`, lomwe ndi odikira CPU pamodzi ndi amene ali pa CPU, ndi la `b`, lomwe ndi otsekeredwa kudikira disiki ndi zida zina. Chapakati pali `si` ndi `so`, zosonyeza kusamutsa zinthu pakati pa RAM ndi disiki. Kumapeto kuli kagawidwe ka nthawi ya CPU: `us` ndi nthawi ya mapulogalamu, `sy` ya kernel, `id` yongokhala, `wa` yongokhala podikira disiki, ndipo `st` ndi nthawi yolandidwa.

Ngati `r` ikukhala yoposa ma core ndipo `id` ili pafupi ndi 0, CPU yathadi mphamvu. Ngati `r` ndi 1 kapena 2, `id` ili 80, koma load ndi 14, musataye nthawi ndi CPU.

Danga la `wa` limanyenga. Limawerengedwa pa ma core onse pamodzi, choncho pa seva ya ma core 16, core imodzi yodikira disiki nthawi zonse imangooneka ngati 6 peresenti. Komanso CPU ikapeza ntchito ina yochita podikirapo, `wa` imatsika ngakhale disiki ikuvutikabe. Kutsika kwake si umboni woti disiki ili bwino.

Pamene CPU yathadi mphamvu

Apa nthawi zambiri sipavuta. Tsegulani `top`, dinani P kuti owononga CPU akhale pamwamba, dinani 1 kuti muone core iliyonse payokha. Ngati ndi MySQL kapena MariaDB, lowani mulembe `SHOW FULL PROCESSLIST` muone funso limene lakhala nthawi yaitali. Kawirikawiri amakhala malipoti a kumapeto kwa mwezi omwe akuwerenga tebulo lonse chifukwa palibe index, mlozera wothandiza database kupeza zinthu msanga, ndipo munthu akaona lipoti likuchedwa amadinanso, funso lomwelo n'kuyamba kachiwiri loyamba lisanathe.

Zovuta ndi pamene `id` ili pa 0 koma pamndandanda wa `top` palibe wooneka wolakwa. Choyamba ganizirani ma process a moyo waufupi. `top` imajambula masekondi 3 alionse, ndiye script yobala tima process mazana ambiri timene timafa pasanathe sekondi siioneka. Chizindikiro chake ndi `sy` yokwera. Lembani `cat /proc/loadavg` kawiri, motalikitsa masekondi 10. Nambala yomaliza pamzerewo ndi ya process yobadwa posachedwa kwambiri, ndipo ikalumpha ndi masauzande, mwapeza njira. Lamulo la `execsnoop`, la m'gulu la zida za bcc, limalemba process iliyonse yatsopano ikamayamba, pamodzi ndi nambala ya imene yaibala.

Chachiwiri ndi `st`. Ngati seva yanu ndi VPS, ndiye kuti gawo lobwereka la makina aakulu omwe mukugawana ndi anthu ena, `st` imasonyeza nthawi imene munali okonzeka kugwira ntchito koma CPU yeniyeni inapatsidwa kwa wina. Ikamakhala pamwamba pa 10 kwa nthawi yaitali, palibe chomwe mungakonze mkati mwa seva yanu. Tumizani zotsatira za `vmstat` kwa amene akukubwerekaniwo.

Chachitatu ndi mlendo wosaitanidwa. Maseva okhala ndi SSH, njira yolowera mu seva muli patali, yotseguka ku intaneti ndi pasiwedi yosavuta amalowedwa ndi mapulogalamu okumba ndalama za crypto, ndipo ena amadziwa kubisala kuti `ps` ndi `top` asawaone. Onani ngati fayilo ya `/etc/ld.so.preload` ilipo, poti pa maseva ambiri siikhalapo n'komwe. Onaninso `crontab -l`, mndandanda wa ntchito zoyamba zokha pa nthawi yoikidwa, ya root (akaunti ya mphamvu zonse) ndi ya akaunti yoyendetsa webusaiti, mafayilo achilendo mu `/tmp` ndi `/dev/shm`, komanso `ss -tnp` kuti muone kumene seva ikulumikizana nako. Mukapeza zoterezi, kufufuta pulogalamuyo sikokwanira. Seva imeneyo ikufunika kuikidwanso mwatsopano.

Palinso kutentha. Anthu amati kuno ku Dedza n'kozizira, ndipo n'zoona, koma kachipinda kotseka kopanda zenera m'mwezi wa Okutobala, seva itadzaza fumbi, n'kotentha ndithu. CPU ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha, ntchito yomwe ija n'kumatenga nthawi yaitali. Lamulo la `sensors` limasonyeza kutentha kwake.

Tulo ta D, kumene mavuto ambiri osadziwika amabisala

Kuti muwaone odikirawo, lembani:

`ps -eLo state,pid,wchan:30,comm | grep '^D'`

Bwerezani kangapo. Process yooneka kamodzi n'kuchoka ilibe mlandu, poti aliyense wowerenga disiki amadutsa mu D kwa kanthawi. Amene akupezekabe nthawi zonse ndiwo ofunika. Danga la `wchan` limatchula malo a mu kernel amene process yaima, ndipo dzinalo lokha limalozera: likakhala ndi `jbd2` kapena `ext4` ndi nkhani ya disiki yakomweko, likakhala ndi `nfs` kapena `rpc` ndi fayilo ya pa makina ena. Ngati ndinu root, `cat /proc/NAMBALA/stack` imasonyeza njira yonse, mukaika nambala ya process pamalo a mawuwo. Musavutike ndi `kill -9`, lamulo lopha process. Process yomwe ili mu D yeniyeni siimva lamulolo mpaka chimene ikudikira chitabwera.

Kenako `dmesg -T`, lomwe limasonyeza mauthenga a kernel. Uthenga wakuti `blocked for more than 120 seconds` ukutanthauza kuti kernel yaona process itaima mphindi 2 zathunthu. Mauthenga okhala ndi `I/O error` kapena `ata1` ndi `reset` akunena za disiki kapena chingwe chake.

Disiki imayezedwa ndi `iostat -xz 1`, lomwe lili mu phukusi la sysstat. Madanga a `r_await` ndi `w_await` amasonyeza ma millisecond amene pempho limodzi lowerenga kapena kulemba likutenga, ndipo `aqu-sz` ndi kutalika kwa mzere. Disiki yozungulira ya 7200 rpm ikakhala bwino imayankha pafupifupi ma millisecond 10, ndipo imangokwanitsa mapempho omwazikana pafupifupi 100 pa sekondi. SSD imayankha pasanakwane millisecond imodzi kapena ziwiri. Mukaona 200 kapena 800, ndiye pamenepo. Danga la `%util` likafika 100 pa disiki imodzi yozungulira ndiye kuti yadzaza, koma pa SSD kapena pa RAID, yomwe ndi madisiki angapo ogwira ntchito ngati imodzi, 100 imangotanthauza kuti sinapume, osati kuti yalephera, chifukwa zimenezi zimatha kuyankha mapempho ambiri nthawi imodzi.

Tsopano siyanitsani zinthu ziwiri. Ngati mapempho ndi ambiri ndipo kudikira n'kwakutali, pali wina amene akuipanikiza disikiyo, ndipo `iotop -o` kapena `pidstat -d 1` akuuzani dzina lake. Ngati mapempho ndi ochepa, mwina 5 pa sekondi, koma kudikira n'kwakutali, disikiyo ikudwala. Lembani `smartctl -a /dev/sda` muyang'ane `Reallocated_Sector_Ct` ndi `Current_Pending_Sector`. Yachiwiriyi ikakhala yoposa 0, pali malo amene disiki ikulephera kuwerenga, ndipo nthawi iliyonse ikafikapo imayesa mobwerezabwereza kwa masekondi angapo, ena onse ali chidikirire. Musadalire mawu akuti `PASSED` apamwamba paja, disiki imatha kuwasonyeza ili pafupi kufa. Koperani deta kaye, zofufuza zina pambuyo.

Kuzimazima kwa magetsi kumabala mavuto awiri amene sadziwika msanga. Seva ikazima mwadzidzidzi chifukwa UPS yatha moto jenereta isanayake, RAID ya Linux ikadzuka imayamba kufananitsa madisiki ake, ntchito yomwe pa madisiki aakulu imatenga maola ambiri. `cat /proc/mdstat` imasonyeza mawu akuti `resync` ndi peresenti yomwe yafika. Imeneyo ingodikirani, ndipo kuizimitsanso kumangotalikitsa nkhani. Pa Debian palinso kafukufuku wa RAID wochitika yekha Lamlungu loyamba la mwezi. Vuto lachiwiri lili pa maseva okhala ndi khadi la RAID la batire. Batireyo imalola khadi kuvomera zolembedwa msanga n'kuzisunga kaye mu memory yake. Ikafooka, khadi limasiya zimenezo pofuna kuteteza deta, n'kumadikira disiki pa kulemba kulikonse. Palibe chimene chasintha pa mapulogalamu, madisiki ali bwino, koma database yayamba kukwawa. Zimenezi zimaoneka pa pulogalamu ya khadilo, monga `storcli` kapena `ssacli`, osati pa `top`.

Bakapu yopita pa disiki ya USB nayonso imachita zake. Linux imalandira zolembedwa mu RAM n'kumazitsitsira pa disiki pambuyo. Zosatsitsidwazo zikafika pa malire a `vm.dirty_ratio`, omwe nthawi zambiri ndi 20 peresenti ya memory yopezeka, olemba amaimitsidwa mpaka mulu utachepa. Doko la USB 2.0 limangotulutsa ma megabyte pafupifupi 30 pa sekondi. Onani `grep Dirty /proc/meminfo` bakapu ikuyenda. Kuchepetsa liwiro ndi `rsync --bwlimit` kumathandiza. Ambiri amalangiza `ionice -c3`, koma imagwira ntchito pokhapokha disiki ikugwiritsa ntchito scheduler, yondandalika mapempho a disiki, yoilemekeza, monga BFQ, ndipo zimenezo mumaziona mu `/sys/block/sda/queue/scheduler`.

Chodabwitsa kwambiri ndi load ya 60 pa seva imene CPU ndi disiki zonse zangokhala. Imeneyi kawirikawiri ndi NFS, njira yogawana mafoda pakati pa makina. Makina osunga fodayo akazima, kapena switch ya pakati ikafa, aliyense wokhudza fodayo amaima osabwerera, chifukwa mwachikhazikitso NFS imayesabe mpaka kalekale. Ngakhale `df` imaima. Ngati pali script yolemba `df` mphindi iliyonse, mphindi iliyonse pawonjezeka process imodzi yokakamira, ndipo pakatha ola load yafika 60. Mu `dmesg` mupeza `server not responding, still trying`. Dzutsani makina enawo, zonse zimasuka zokha. Zikakanika, `umount -f` kapena `umount -l` pa fodayo.

RAM ikachepa, mlandu umagwera disiki

Lembani `free -m` muyang'ane danga la `available`, osati la `free`, poti Linux imagwiritsa ntchito RAM yotsala kusungira mafayilo owerengedwa kawirikawiri ndipo imaibweza ikafunika. Kupezeka kwa zinthu mu swap, gawo la disiki lothandizira RAM, pakokha si vuto. Vuto ndi `si` ndi `so` zikamayenda osaima pa `vmstat`. Pamenepo disiki imaoneka yodzaza koma gwero ndi RAM. Chitsanzo chofala: seva ya 4 GB, process iliyonse ya PHP ikudya 60 MB, ndipo `pm.max_children`, malire a kuchuluka kwa ma process a PHP, inaikidwa pa 100. Anthu akachuluka pakufunika 6 GB, osawerengera database. Kutsitsa nambalayo kufika pa 30 kumafulumizitsa seva, ngakhale kumamveka ngati kubwerera m'mbuyo, chifukwa kudikira pamzere kwa sekondi imodzi n'kwachangu kuposa kusamutsa memory pa disiki. Uthenga wa `Out of memory: Killed process` mu `dmesg` ukusonyeza kuti kernel inafika popha pulogalamu kuti ipulumuke.

Kernel zatsopano zili ndi muyeso wolunjika kuposa load. Kuyambira pa Linux 4.20, yomwe inatuluka mu Disembala 2018, pali mafayilo a `/proc/pressure/cpu`, `/proc/pressure/io` ndi `/proc/pressure/memory`, ntchito yomwe inachokera kwa akatswiri a ku Facebook. Iliyonse imanena peresenti ya nthawi imene ma process anaima chifukwa chosowa chinthucho m'masekondi 10, 60 ndi 300 apitawa. Mzere wa `some` ndi pamene ena anaima, wa `full` ndi pamene onse ofuna kugwira ntchito anaima limodzi. Mukaona `full` ya io ili pa 40, funso la R ndi D layankhidwa kale. Pa maseva ena a banja la Red Hat muyesowu umafunika kuutsegula ndi `psi=1` poyatsa.

Vuto lobwera usiku anthu atagona

Load yokwera 2 koloko m'bandakucha n'kutsika musanafike ku ofesi imafuna kaundula. Phukusi la sysstat limalemba momwe seva ilili mphindi 10 zilizonse, koma pa Debian ndi Ubuntu muyenera kulitsegula poika `ENABLED="true"` mu `/etc/default/sysstat`. Mawa lake `sar -q` isonyeza load ya tsikulo, `sar -d` madisiki, `sar -r` memory. Kuti mudziwe dzina la pulogalamu yolakwayo, `atop` imasunga mndandanda wa ma process ndipo mumaubwereza ndi `atop -r`.

Mukadziwa ola lake, fananitsani ndi `/etc/crontab`, foda ya `/etc/cron.d` ndi `systemctl list-timers`. Nthawi zambiri mupeza kuti bakapu ya database, kukopera mafayilo ndi `updatedb` zonse zinaikidwa ola limodzi. Zisiyanitseni. Choopsa kwambiri ndi ntchito yoikidwa mphindi 5 zilizonse yomwe, deta itakula, tsopano ikutenga mphindi 7. Yachiwiri imayamba yoyamba isanathe, ziwirizo zimachedwetsana, yachitatu n'kuzipeza. Kuika `flock -n /var/lock/ntchito.lock` patsogolo pa lamulolo kumaletsa yatsopano kuyamba ngati yakale ikadali mkati.

Musanaizimitse

Nthawi zina abwana ali pakhomo, anthu ali pamzere, ndipo simungachitire mwina koma kuizimitsa. Kuzimitsako kumafufuta umboni wonse uli mu `/proc`, choncho tengani mphindi imodzi musunge zotsatira za `vmstat 1 5`, `iostat -xz 1 5`, `free -m`, `dmesg -T`, `top -b -n 1` ndi mndandanda wa D uja. Lamulo la `echo w > /proc/sysrq-trigger`, lolembedwa ndi root musanatenge `dmesg`, limapangitsa kernel kulemba ma process onse otsekeredwa ndi malo amene aima. Samalani chilembocho: `b` imayatsanso seva pompo osasunga kanthu, `c` imaigwetsa dala. Musasunge mafayilowo mu `/tmp`, poti Debian ndi Ubuntu zimasesa fodayo poyatsa. Ikani mu `/root` kapena `/var/tmp`. Ngati disiki ndiyo ikukayikitsa, kulembapo kukhoza kuimanso, ndiye yendetsani malamulowo kudzera pa SSH kuchokera pa laputopu zotsatira zisungidwe kumeneko, kapena mungojambula sikirini ndi foni.